Kusiya Kuwotcha Tsitsi: Zoyenera Kudziwa Mayi Amene Akubwerera ku Tsitsi Lachibadwa

Mayi wachikuda amene anayamba kuwotcha tsitsi ali mtsikana nthawi zambiri salidziwa bwino tsitsi lake lenileni. Amangoliona likamatumphuka kunsi pakatha milungu ingapo, lolimba, lokana chipeso, ngati chizindikiro choti nthawi yopita ku saluni yakwana. Tsiku limene waganiza zosiya mankhwala, anzake amati wayamba fasho yatsopano. Ife a zaumoyo timaona china: khungu la m'mutu likupuma koyamba patatha zaka zambiri. Komabe kusiya mankhwala pakokha sikupulumutsa tsitsi. Ambiri amasiya kuwotcha n'kuyamba kulikoka, ndipo dazi limabwerabe, kungoti ladzera khomo lina.

Zimene mankhwala owotchera tsitsi amachita

Tsitsi limapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, ndipo kupotana kwake kumagwiridwa ndi timfundo ting'onoting'ono ta m'kati mwa tsitsi lenilenilo. Mankhwala owongolera tsitsi amadula timfundo timeneti, ndipo tikaduka sitilumikizananso. N'chifukwa chake tsitsi lowotcha silibwerera mwakale ngakhale mutalipaka mafuta amtundu wanji. Lachibadwa ndi lokhalo limene likumera kumene.

Ambiri mwa mankhwalawa ali ndi sodium hydroxide, yemwe ndi soda yemweyo wopangira sopo ndi kutsegulira mapaipi otsekeka. Pa muyezo wa pH, umene nambala yake imakwera chinthu chikakhala chaukali ngati soda, khungu la m'mutu lili cha pa 5.5, pamene mankhwalawa amapitirira 12. Ena amalembedwa kuti "no-lye", kutanthauza kuti alibe soda ameneyu, ndipo anthu amaganiza kuti ndi ofatsa. Amenewa amakhala ndi calcium hydroxide ndi guanidine carbonate, amawotchabe khungu, komanso amaumitsa tsitsi kwambiri. Ngakhale aja okhala ndi chithunzi cha kamtsikana komwetulira pabokosi, ntchito yake ndi yomweyo. Malonda amenewa si a lero: Garrett Morgan wa ku Cleveland, ku America, anatsegula kampani yogulitsa mankhwala owongolera tsitsi mu 1913.

Aliyense amene anakhalapo pampando wa mu saluni amadziwa mmene zimayendera. Mankhwala apakidwa, mphindi zingapo zadutsa, ndiye kunkhongo kwayamba kunyerenyesa. Wokonza tsitsi afunsa kuti, "Ayamba kuwotcha, asisi?" Mayi ayankha kuti, "Pang'ono," uku akufinya zala za kumapazi. "Pirirani pang'ono kuti agwire bwino." M'mawa mwake tsitsi la pamalo amenewo lamatirira kukhungu ndi timadzi touma, ndipo pakatha masiku awiri pali nkhanambo. Limenelo ndi bala lamoto ngati lina lililonse, kungoti labisika m'tsitsi. Khungu lotseguka chotero limalowetsa mosavuta zonse zimene zili m'mankhwalawo, ndipo likamapsa mobwerezabwereza pamalo amodzi limasiya chipsera. Pachipsera sipamera tsitsi.

Nanga nkhani ya khansa?

Funso limeneli lakula kuyambira mu 2022, pamene ofufuza a bungwe la National Institutes of Health ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa Sister Study. Anatsatira amayi 33,497 kwa zaka pafupifupi 11, ndipo 378 mwa iwo anapezeka ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero. Malinga ndi kuwerengera kwawo, mwa amayi amene sanagwiritsepo ntchito mankhwala owongolera tsitsi, 1.64 peresenti akanadwala khansayi pofika zaka 70. Mwa amene ankawagwiritsa ntchito koposa kanayi pachaka, chiwerengerocho chinali 4.05 peresenti. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu 2012, kafukufuku wina wa amayi achikuda oposa 23,000, wotchedwa Black Women's Health Study, anapeza kuti zotupa za m'chiberekero zomwe si khansa zinkapezeka kwambiri mwa amayi owotcha tsitsi.

Tizimve bwino zimenezi. Khansa ya m'kati mwa chiberekero si ija ya khomo la chiberekero imene imayamba ndi kachilombo ka HPV. Komanso kafukufuku wa Sister Study uja anaonetsa kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi. Sanatsimikize kuti mankhwalawo ndiwo amayambitsa matendawo. Ngakhale mwa owotcha tsitsi kawirikawiri, amayi pafupifupi 96 mwa 100 alionse sadzadwala khansayi pofika zaka 70. Choncho amene mwawotcha kwa zaka zambiri musataye tulo. Koma ngati munali kale ndi maganizo osiya, ichi ndi chifukwa chomveka chowonjezera. Ndipo mayi aliyense, wowotcha ndi wosawotcha yemwe, akaona magazi atasiya kale kusamba, kapena magazi osadziwika bwino pakati pa mwezi, apite kuchipatala osazengereza.

Njira ziwiri zosiyira

Yoyamba ndi kumeta lonse lowotchalo n'kutsala ndi lachibadwa lalifupi. Kumbali ya thanzi, iyi ndiyo yosavuta: mutu umachapika bwino, zilonda zimaoneka n'kupola, ndipo palibe chokoka. Kuvuta kwake kuli pagalasi ndi pakamwa pa anthu.

Yachiwiri ndi kulisiya likule, n'kumadula lowotchalo pang'onopang'ono kunsonga. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho njira imeneyi imatenga chaka kapena kuposerapo. Nthawi yonseyi pamutu pamakhala mitundu iwiri ya tsitsi, lopotana kunsi, lowongoka kumwamba, ndipo pamene awiriwa akumana ndi pamene pali pofooka kwambiri. Mukapesa louma ndi chipeso cha mano othithikana mumamva kuti thethethe, ndipo pamapewa pamagwa tizidutswa tatifupitifupi. Apa ndi pamene ambiri amagonja n'kunena kuti tsitsi lachibadwa limathothoka. Tolani katsitsi kamodzi mukayang'anitsitse. Tsitsi lothothoka kuchokera kumuzu limakhala ndi kamutu koyera kunsi kwake, ndipo kutaya 50 mpaka 100 otere patsiku n'kwachibadwa. Lopanda kamutu lachita kuthyoka panjira, ndipo vuto ndi kapesedwe, osati mtundu wa tsitsi lanu.

Ena pofuna kuti mitundu iwiriyi ifanane amawongola lakunsilo ndi chitsulo chamoto sabata ndi sabata. Kutentha kwambiri kumawononga kupotana kwa tsitsi mpaka kalekale, ndiye mumakhala mwasiya mankhwala koma mwapha lomwe mumafuna kusunga.

Kusamalira tsitsi lopotana

Tsitsi lopotana kwambiri limauma msanga, chifukwa mafuta achibadwa ochokera pakhungu amalephera kutsetsereka m'makhotamakhota mpaka kunsonga. Chimene limafuna choyamba ndi madzi. Mafuta ntchito yake ndi kutsekera chinyezi chomwe chalowa kale. Kupaka mafuta patsitsi louma gwa n'kungoliwalitsa pamwamba. Chapani kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, mukutikita khungu ndi nsonga za zala osati zikhadabo, ndipo nthawi zonse tsatizani kondishona. Masulani mfundo tsitsi lili lonyowa, m'zigawo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, poyamba ndi zala, kenako chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kutsikira kumizu. Pogona mangani mpango woterera wa satini kapena silika, chifukwa nsalu ya thonje imamwa chinyezi ndi kukhuza tsitsi.

Likauma mukatha kuchapa limafupika kwambiri, mwina kuposa theka la utali wake. Si kuti silikukula ayi. Tsitsi lathanzi ndi limene limabwerera chotero mukalikoka n'kulisiya.

Kunena zoona, simufunika mabotolo khumi. Shampu yofatsa, kondishona ndi mafuta amodzi zimakwana. Kudzaza khungu la m'mutu ndi mafuta olemera tsiku lililonse kumawonjezera kuyabwa ndi kufundula mwa anthu amene ali kale ndi vutoli.

Msampha waukulu: kukoka

Mayi akasiya kuwotcha, nthawi zambiri amathawira ku malukidwe, meshi, mawigi kapena madiredi, poganiza kuti akuteteza tsitsi. Zikachitika bwino zimatetezadi. Zikathina, zimabweretsa dazi limene madokotala amalitcha traction alopecia, loyamba chifukwa chokoka mizu kwa nthawi yaitali. Dokotala wa khungu wa ku University of Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, ndi anzake anafufuza zimenezi ku Langa, mumzinda wa Cape Town, ndipo zotsatira zawo za mu 2007 zinaonetsa kuti 31.7 peresenti ya amayi ndi 17.1 peresenti ya atsikana a pasukulu anali ndi dazi lotere. Choopsa kwambiri chinali kuluka mothina patsitsi lowotcha kale, zomwe ndi zimene mayi wosiya pang'onopang'ono amakonda kuchita.

Limayambira m'mphepete mwa chipumi ndi pamwamba pa makutu, pamene tsitsi ndi lopyapyala. Zizindikiro zake zimaoneka tsiku lomwelo lolukitsa: khungu lokokeka mpaka nsidze kukwera, mutu kuwawa, kulephera kugonera mbali imodzi, tiziphuphu toyera kapena tofiira m'mizere ya malukidwe. Pali amayi amene amamwa mankhwala opha ululu asanapite kokalukitsa, podziwa kale zimene zikubwera. Mbande imene mukuikoka tsiku ndi tsiku imafika poti mizu yake siigwiranso nthaka, ndipo muzu wa tsitsi ndi chimodzimodzi. Miyezi yoyamba tsitsi limameranso mukasiya kukoka. Zaka zikadutsa, timabowo ta tsitsi timatsekeka, khungu limasalala n'kumanyezimira, ndipo palibenso mafuta amene angalibweze.

Choncho wolukayo akamakoka, nenani pomwepo, musadikire kufika kunyumba: "Asisi, apa mwathinitsa, tamasulani pang'ono." Ndalama ndi zanu, mutu ndi wanu. Sankhani malukidwe akuluakulu m'malo mwa ting'onoting'ono, pewani meshi yaitali yolemera, ndipo tsitsi lofewa la m'mphepete lisiyeni lisalowe m'malukidwe. Musapitirire milungu 6 mpaka 8 musanamasule, ndipo mukamasula pumitsani mutu musanalukenso. Wigi ya guluu kapena ya tizipeso tokola pamalo amodzimodzi imadya tsitsi la pachipumi mofanana, ndipo iyenera kuvulidwa pogona.

Pofunika kuonana ndi dokotala

Si kuthothoka konse kumene kumachokera ku mankhwala kapena malukidwe. Pali matenda ena a dazi ofala mwa amayi achikuda, otchedwa CCCA mwachidule, amene amayambira paliwombo n'kumafalikira mozungulira. Ena amamva kuyabwa, kuwotcha kapena kupweteka akakhudza pamalopo. Ena samva kanthu, amangodabwa kuti mzere wa pakati ukukulirakulira. Matendawa amasiya zipsera, ndipo kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti mwa odwala ena amakhudzana ndi jini (kanthu ka m'thupi kamene timatengera kwa makolo) yotchedwa PADI3, kutanthauza kuti amatha kuyenda m'banja. Kusiya kuwotcha kokha sikuwaletsa. Chithandizo chake cholinga chake ndi kuimitsa kutupa kuti tsitsi lotsalalo lipulumuke, ndiye mwezi uliwonse wochedwa ndi tsitsi lotayika.

Kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, matenda aakulu ndi kubereka zimathothotsanso tsitsi mutu wonse. La pambuyo pobereka limayamba patatha miyezi ngati itatu ndipo limabwerera lokha. Chipere cha m'mutu, chomwe chimakonda ana, chimafuna mankhwala akumwa. Opaka okha sachithetsa. Pitani kuchipatala mukaona dazi losalala, mafinya, chilonda chosapola, kapena kuthothoka kopitirira miyezi itatu. Uzani dokotala zonse mosabisa: zaka zimene mwawotcha, malukidwe amene mumakonda, mankhwala amene mukumwa, ndiponso ngati amayi anu kapena achemwali anu ali ndi vuto lomwelo. Pitani tsitsi lili lomasula kuti khungu lioneke.

Pakamwa pa anthu

Chimene chimabwezera amayi ambiri ku mankhwala si chipeso ayi, koma mawu. "Kodi mwadwala?" "Simupesa lero?" "Kuntchito mupita choncho?" Maganizo oti tsitsi lopotana ndi losasamalika ali ndi mbiri yaitali yochokera ku ukapolo ndi utsamunda, ndipo sanathe. Mu 2016 atsikana a pa Pretoria High School for Girls ku South Africa anachita zionetsero podandaula kuti ankauzidwa kuwongola tsitsi lawo. Mu 2019 dera la California ku America linakhazikitsa lamulo la CROWN Act loletsa kusala munthu kuntchito kapena kusukulu chifukwa cha tsitsi lake lachibadwa. Ngati panafunika lamulo, ndiye kuti mayi amene akuchita mantha kutuluka ndi mutu wake wometa sakudzinamiza.

Sitikunena kuti wowotcha tsitsi ndi wolakwa. Amene mwasankha kupitiriza, siyani milungu yosachepera 8 pakati, pakani tsitsi latsopano lokha osabwereza pa lowotcha kale, musawotche pamene m'mutu muli chilonda kapena mwangokanda, tsukani msanga mukangomva kutentha, ndipo dikirani milungu iwiri musanalukitse. Koma kwa ana aang'ono timalangiza kuti mankhwalawa asawafike n'komwe. Khungu lawo ndi lopyapyala, ndipo mwana wa zaka zisanu akauzidwa kuti apirire amapiriradi mpaka kupsa. Mwana akamalira pomuluka, kapena akamakana kugoneka mutu papilo usiku wake, masulani malukidwewo tsiku lomwelo.