Timabuku topanga pamanja: thandizo kwa agogo ovutika maganizo

Agogo akasiya kudya bwino, tulo n'kumawathawa, kumapemphero osapitanso, ambirife timangoti ndi ukalamba. Nthawi zina amakhala matenda ovutika maganizo, ndipo matendawa amachizika. Chisoni, kusowa chidwi pa zimene ankazikonda, kufooka ndiponso kudziona wopanda pake zikapitirira masabata 2, pafunika thandizo. Mu 2023, bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linati mwa anthu 100 alionse a zaka 60 kupita m'tsogolo, pafupifupi 14 ali ndi vuto lina la m'maganizo. Zimene zimayambitsa n'zodziwika: imfa ya mnzawo wa pabanja, matenda okhalitsa monga shuga, kusungulumwa ana atapita ku Joni, kulera zidzukulu zamasiye popanda wothandiza, ngakhalenso kunamiziridwa ufiti.

Okalamba ambiri sanena kuti ali ndi chisoni. Amangoti, "Mutu ukundiwawa," kapena, "Ndikuganiza kwambiri." Zotsalazo zimakhala mumtima. Apa m'pamene manja amatha kuthandiza pakamwa. Adrian Hill, katswiri wojambula wa ku Britain, anaona kuti kujambula kunkamupeputsa mtima pamene ankadwala TB, ndipo mu 1942 anayamba kutchula zimenezi ngati njira yochizira. Masiku ano alangizi ena amagwiritsa ntchito timabuku todzipangira tokha, totchedwa "zine" pa Chingerezi.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Tengani pepala limodzi la A4, lipindeni katatu kuti likhale ndi zigawo 8. Litambasuleni, dulani mzere wapakati pa zigawo ziwiri zamkati zokha, lipindeninso m'litali, kenako kankhirani mbali ziwirizo pakati. Mwapeza kabuku ka masamba 8. Zojambulira zilipo kale pakhomo: makala, makrayoni a adzukulu, tizidutswa ta chitenje chakutha, zithunzi za m'nyuzipepala, ndi phala la chinangwa lomatira. Ngati maso akuvuta kapena zala zili ndi nyamakazi, pepala likhale lalikulu.

Kusadziwa kulemba si vuto. Mdzukulu angalembe mawu a agogo ndendende mmene awanenera, osawakonza. Ena amajambula mtengo wa mango wa pamudzi wawo wakale, ena amamata kachidutswa ka malaya a malemu amuna awo, ena amalembetsa nyimbo ya pamtondo. Misozi ikatuluka, musafulumire kunena kuti "limbani mtima." Khalani nawo chete, kenako funsani kuti, "Tandiuzeni za chithunzichi." Ndipo chonde musaseke chojambulacho kapena kuchikonza. Kabukuko ndi kawo. Akakana kukaonetsa, musawakakamize. Okalamba 4 kapena 5 akamakumana pakhonde kamodzi pasabata, kucheza kwenikweniko kumachepetsa kusungulumwa.

Koma kabuku sikalowa m'malo mwa chipatala. Zizindikiro zija zikapitirira, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pitani nawo kuchipatala chapafupi. Kumeneko angawapatse uphungu ndi mankhwala, kapena kuwatumiza kwa akatswiri ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Amene anayamba kale mankhwala asasiye chifukwa choti ayamba kujambula.

Agogo akamalankhula zofuna kufa, akamakaniratu chakudya, kapena akajambula zosonyeza kudzivulaza, musadikire mawa. Musawasiye okha, bisani mankhwala ophera tizilombo ndi zingwe, ndipo pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.