Tsiku la mankhwala silidikira kukolola

"Anesi, ndibwera ndikakolola." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri m'chipinda cholandiriramo mankhwala a khansa, ndipo amabwera m'mitundu yosiyanasiyana: wina akuti ayamba ana akatsekera sukulu, wina akuti kuntchito sanamupezere womugwirira, wina akuti apongozi akudwala ndipo palibe wowaphikira phala. Mayi amene wangouzidwa kuti chotupa cha m'bere lake ndi khansa amayamba wawerenga anthu onse amene amadalira manja ake, ndipo iye mwini amadziika kumapeto kwa mzere. Pamenepa ndi pamene timataya amayi ambiri amene akanachira.

Mankhwala a kemo, amene ambiri amangowatcha diripi, kawirikawiri timapereka kamodzi pa masiku 21 alionse, maulendo 6 kapena 8 malinga ndi mmene dokotala waonera. Masiku amenewa sitiwasankha pofuna kuti ntchito yathu iphweke ayi. Thupi limafuna nthawi yotero kuti magazi abwerere m'malo, koma mukaitalikitsa kufika masabata asanu kapena asanu ndi limodzi chifukwa cha chinkhoswe kapena msika, chotupa nacho chimapeza mpata wophukanso. Choncho ntchito ndiyo iyenera kusunthira tsiku la mankhwala, ndipo izi n'zotheka chifukwa masabata atatuwo ali ndi kayendedwe kodziwika. Masiku oyambirira ndi a nseru ndi kufooka. Kuyambira cha pa tsiku la 7 kufika la 14 asilikali a m'thupi amatsika kwambiri, kotero kuti imeneyi si nthawi yogona pa maliro kapena yosamalira mwana wa chifuwa. Thupi likatentha kufika madigiri 38, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, osati kugula panado pa okala n'kufunda bulangete. Sabata yachitatu ambiri amapezako bwino, ndipo ntchito zofunika mphamvu ziziikidwa mmenemo.

Kwa olembedwa ntchito, chimandidabwitsa n'chakuti ambiri amajomba mobisa mpaka kulandira kalata yochenjeza, pamene lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 lili kumbali yawo. Amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata ena asanu ndi atatu pa theka la malipiro m'chaka, bola apereke kalata ya dokotala. Kalatayo timalemba, ingopemphani. Koma werengani bwino: maulendo 6 a kemo okha amatenga masabata pafupifupi 18, osawerengera opaleshoni, choncho ndi nzeru kukhala pansi ndi abwana n'kugwirizana masiku amene muzipuma pa ulendo uliwonse, kusiyana n'kumaliza tchuthi chonse m'miyezi yoyamba. Wa geni alibe tchuthi, n'zoona, koma benchi la tomato mng'ono wanu angalisunge, ndipo anzanu a banki mkhonde amamva msanga mukawauza ngongole isanapyole tsiku.

Kunyumba vuto lalikulu ndi mkono. Pochotsa bere, madokotala nthawi zambiri amachotsanso tizotupa ta m'khwapa, tomwe tija timatupa munthu akakhala ndi mwanabere, ndipo mkono wa mbali imeneyo ukhoza kutupa ngakhale patapita miyezi. Uyendetseni pang'onopang'ono monga mwaphunzitsidwira, koma musi, nkhwangwa ndi ndowa ya malita 20 zidikire mpaka achipatala atakulolani. Apa ndikulankhula ndi abambo: khansa sipatsirana pa mphasa kapena m'mbale, ndipo mwamuna sanafepo chifukwa chotunga madzi. Ana nawo auzidwe zoona tsitsi lisanayambe kuthothoka, pakuti mwana amene wangoona amayi ake avala duku usana ndi usiku amakamva nkhaniyo kwa anzake, itapotozedwa kale.

Pali mayi wina amene mpaka lero sachoka m'mutu mwanga. Anali mphunzitsi wa Sitandade 8, wa ana atatu, ndipo anabwera chotupa chikadali chaching'ono, mwayi umene sitiuona kawirikawiri. Analandira diripi katatu, akuwerenga makope a ana pa bedi, cholembera chofiira chili kudzanja lopanda singano. Chotupacho chinaphwa mpaka iye mwini samachimvanso akagwira. Ulendo wachinayi sanabwere. Nditamuimbira anayankha mwaulemu kuti mayeso ayandikira ndipo sangasiye ana 90 opanda mphunzitsi, komanso kuti ahedi sadziwa kanthu, chifukwa iye ankawauza kuti amapita kukaona amayi ake kumudzi. Mwamuna wake naye ankangoganiza kuti ndi chithupsa chabe.

Mayeso atatha sanabwerebe. Azakhali ake anali atamutengera kwa munthu wina amene anamuuza kuti kuphwa kwa chotupa ndi umboni woti wachiritsidwa, ndipo kubwerera kuchipatala n'kusakhulupirira. Anthu oterewa amandikwiyitsa, chifukwa amakolola pamene mankhwala athu analima. Sindiletsa munthu kupemphera, inenso ndimapemphera, koma amene akukuuzani kuti musiye diripi kapena mutaye mapiritsi a tamoxifen, othandiza kuti khansa ya m'bere isabwerere, omwe amayenera kumwedwa tsiku lililonse kwa zaka zosachepera zisanu, sadzakhalapo pamene bala latseguka. Chimodzimodzi wotema mphini pa bere, ndi wogulitsa mabotolo a zitsamba pa WhatsApp pa mtengo umene ukanakwanira thalansipoti ya maulendo onse opita ku Gulupu kapena ku Kamuzu Central.

Mphunzitsi uja anabwera patatha miyezi khumi, atamugwirizira mwamuna wake, msana ukumupweteka moti samatha kukhala pa benchi. Khansa inali itafika m'mafupa, ndipo chimene chinatsala kwa ife ndi kuchepetsa ululu. Bamboyo anandifunsa chapansipansi chifukwa chimene sitinamuuzire, ndipo anati akanagulitsa njinga yamoto tsiku lomwelo. Nditatsegula kabuku ka kuchipatala, ndinapeza tsiku la ulendo wachinayi lili pompo, lolembedwa ndi dzanja langa, kutsogolo kwake kulibe kanthu.