Phiri likagumuka, mphindi 15 zoyamba ndi za aneba

Ntchito yanga ndi yophunzitsa makomiti a m'midzi za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuno ku Angónia ndi Tsangano, ndiye mvula ikamayandikira chonchi mtima wanga sukhala m'malo. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy atagumula phiri la Soche matope n'kutsikira pa nyumba za anthu ku Chilobwe ku Blantyre, tonse tinaona pa mafoni anthu akufukula abale awo ndi manja. Agogo athu amati Napolo wadutsa. Kaya mumutchula dzina liti, ife okhala m'tsinde mwa Domue ndi mapiri enawa tisamaone ngati ndi za ku Malawi kokha ayi.

Zambiri zomwe ndimaphunzitsa tinabwereka kwa opulumutsa anthu kumapiri a Alps ku Ulaya, komwe chimagumuka ndi sinowo (chipale chofewa). Ku Switzerland anawerenga bwino nkhaniyi, munthu wokwiririka thupi lonse akafukulidwa mphindi 15 zisanathe, 9 mwa 10 amapezeka amoyo, koma zikafika mphindi 35 otsala ndi atatu okha mwa 10, ambiri chowapha ndi kubanika. N'chifukwa chake okwera mapiri kumeneko aliyense amayenda ndi fosholo, ndodo yayitali yofufuzira, ndi kachipangizo kotumiza siginolo kuti anzake amupeze, podziwa kuti helikopita nthawi zambiri imafika mochedwa. Manambalawa ndi a sinowo. Matope ndi oipa kuposa pamenepo, odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera pafupifupi matani 2, ndipo opulumuka ambiri ndi omwe denga, tebulo kapena bedi linawasiyira kampata kopumira. Ndiye taganizani, kuchokera mumzinda wa Tete kufika ku Ulongwe ndi makilomita oposa 200, mlatho wa Revuboe womwewo unaduka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022. A INGD (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) ndi mabombeiro (ozimitsa moto) muwaimbire ndithu nthawi yomweyo, koma pomwe azifika ntchito yeniyeni mukhala mwaigwira ndinu.

Choyamba si khasu ayi. Ikani munthu mmodzi pamalo okwera chapambali ali ndi wenzulo, ntchito yake kuyang'ana phiri basi, chifukwa lomwe lagumuka kamodzi limatha kubwereza, ndipo gwirizanani kothawira, m'mbali osati kutsika ndi chigwa. Kenako funsani woona ndi maso kuti munthuyo anamuona komaliza pati, zikani ndodo pamenepo, kusaka kuyambire pamenepo kumatsika mmunsi.

Tsiku lina pamaphunziro tinakwirira thumba la madeya mumulu wa mchenga, ndikuti mwana wanu ali umo. Abale inu, anthu 20 onse anathamangira pamwamba pa mulu, kuponda pomwe panali thumba, wina kukhapa ndi khasu mwamphamvu mpaka thumba kung'ambika pakati. Amayi ena atawona madeya akukhuthuka anangogwira pakamwa, ndipo kuyambira pamenepo sindinafunikenso kulongosola zambiri. Kuponda pamwamba kumaphwanya kampata kaja. Kukumba kumayambira chakumunsi kwa malo omwe mukuganizira, kulowa cham'mbali ngati mukufukula chinangwa, mmodzi kutsogolo, ena kumbuyo kwake akukokera dothi kutali ndi mafosholo ndi ndowa, n'kumasinthana pafupipafupi wakutsogolo asanafooke. Pakapita kanthawi onse ziii, mafoni ndi njinga zamoto zizime, muitane dzina lake n'kumvetsera. Nsungwi yosasongola imathandiza kufufuza pomwe matope ndi ofewa, koma pang'onopang'ono. Mukayandikira siyani makasu, manja okha.

Mukangoona mutu, chotsani matope mkamwa ndi m'mphuno, masulani chifuwa kuti chizitha kukwera ndi kutsika, miyendo ibwere pambuyo. Osamukoka mikono ngati mbuzi yogwera m'dzenje, khosi kapena msana ukhoza kukhala wothyoka, mugonekeni pachitseko. Muvuleni zonyowa, mufunditseni bulangete.

Ndipo ichi ndimachinena mobwerezabwereza chifukwa anthu amachiderera. Munthu yemwe mwendo wake unapanikizika ndi khoma kapena mtengo kwa maola, olo adzuke n'kumati ndili bwino, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Minofu yophwanyika imatulutsa zinthu zomwe zimawononga impso, zina zimasokoneza mtima, ndipo mkodzo ukayamba kuoneka ngati tiyi wopanda mkaka kapena kuchepa, vuto layamba kale. Mukafika muwauze anamwino kuti anapanikizika maola angati komanso mbali iti ya thupi.