Ramon Magsaysay, makaniko amene anagonjetsa Ahuk koma osati eni minda

Mu 1950, mlimi wa ku Philippines amene asilikali anamubera nkhuku kapena kumumenya popanda chifukwa anapatsidwa njira yodandaulira imene anali asanaionepo. Ankangopita ku positi, kulipira ma centavo 10, n'kutumiza telegalamu kwa nduna ya zachitetezo mwini wake. Nduna imeneyo inali Ramon Magsaysay, ndipo chimene chinadabwitsa anthu n'chakuti madandaulo ambiri ankayankhidwadi. Patangopita zaka zitatu, munthu yemweyu anakhala pulezidenti wa dzikolo.

Magsaysay anabadwa pa 31 August 1907 ku Iba, m'chigawo cha Zambales pa chilumba cha Luzon. Bambo ake ankagwira ntchito zamanja, zosula ndi zopala matabwa, ndipo mwanayo anakula akudziwa fungo la girizi. Anayamba maphunziro a uinjiniya ku University of the Philippines koma sanawamalize; digiri yake inali ya zamalonda, ya ku José Rizal College. Ntchito anayambira pansi pa mabasi, ngati makaniko wa kampani ya Try-Tran, mpaka anakwezedwa kukhala manijala. Atsogoleri ambiri a nthawi imeneyo anali maloya ochokera m'mabanja achuma. Iye sanali loya, ndipo polankhula sankakometsera mawu.

Ajapani atalanda dzikolo mu 1942, Magsaysay analowa m'mapiri a kwawo n'kumamenya nkhondo yobisalira. Mu 1945 asilikali a America anamuika kukhala bwanamkubwa wa Zambales, ndipo mu 1946, chaka chimene dzikolo linalandira ufulu wodzilamulira kuchokera ku America, anasankhidwa kukhala phungu wa chipani cha Liberal.

Koma kuti timvetse chimene chinamukweza, tiyenera kuyang'ana kaye kuminda ya mpunga ya pakati pa Luzon, ku Pampanga, Tarlac, Nueva Ecija ndi Bulacan. Kumeneko minda ikuluikulu inali ya mabanja ochepa. Olima anali matenanti, amene pokolola ankapereka pafupifupi theka la mpunga kwa mwini munda, n'kubwezanso ngongole za mbewu ndi chakudya zokhala ndi chiwongoladzanja chosaneneka. Ngongole ya bambo inkagwera mwana. Mu March 1942 alimi a kumeneku anapanga gulu lankhondo lomenyana ndi Ajapani, lotchedwa Hukbalahap, mwachidule Huk, motsogozedwa ndi Luis Taruc komanso anthu a chikomyunizimu. Nkhondo itatha, eni minda amene anathawira ku Manila anabwerera n'kuyamba kufuna lendi yawo, ena ali ndi asilikali awoawo. Pa chisankho cha 1946 Taruc ndi anzake asanu a chipani cha Democratic Alliance anapambana mipando, koma anakanizidwa kulowa m'nyumba ya malamulo. Mavoti awo akanatha kulepheretsa kusintha kwa malamulo kopatsa nzika za America ufulu wofanana ndi eni dziko pa chuma cha m'nthaka. Ahuk anabwerera kutchire, ndipo mu 1948 Pulezidenti Manuel Roxas analamula kuti gululo n'losaloledwa.

Pofika mu 1950 boma la Pulezidenti Elpidio Quirino linali litafika pa mwana wakana phala. Chisankho cha 1949 chinadziwika ndi kubera ndi ziwawa. Asilikali a boma akalowa m'mudzi ankalanda ziweto, kutentha nyumba, kuzunza aliyense womuganizira. Motero mlimi ankaopa msilikali kuposa chigawenga, ngakhale Ahuk nawonso sanali oyera m'manja: mu April 1949 anapha Aurora Quezon, mkazi wamasiye wa pulezidenti wakale, pomutchingira pamsewu.

Apa m'pamene Quirino anamusankha Magsaysay kukhala nduna ya zachitetezo, kuyambira mu September 1950. Nduna yatsopanoyi sinkakhalitsa mu ofesi. Inkatulukira mwadzidzidzi kumisasa ya asilikali, nthawi zina usiku, n'kuchotsa akuluakulu aulesi ndi akatangale, n'kukweza amene ankagwiradi ntchito. Anaonetsetsa kuti asilikali akulandira chakudya chokwanira kuti asiye kudya za alimi. Maloya a asilikali anauzidwa kuthandiza matenanti pa milandu yawo ndi eni minda. Mu October 1950 atsogoleri ambiri a chipani cha chikomyunizimu anagwidwa mu Manila usiku umodzi. Kenaka panabwera pulogalamu ya EDCOR, yolonjeza munda pa chilumba cha Mindanao kwa Mhuk aliyense wotula mfuti. Amene analandiradi minda anali mabanja mazana ochepa chabe, koma mbiri yake inafika mudzi uliwonse. Ahuk ankamenyera malo. Tsopano boma linkati malowo nawa.

Nkhani imene anthu a kumeneko saiiwala ndi ya Moises Padilla. Mu 1951 Padilla anaima nawo pa chisankho cha meya m'tauni ina ya ku Negros Occidental, motsutsana ndi munthu wa bwanamkubwa Rafael Lacson. Anagwidwa, kuzunzidwa ndi kuphedwa. Magsaysay anathamangira komweko koma anapeza atafa kale, ndipo nkhani yoti nduna yanyamula mtembo wa munthu wamba ndi manja ake inafalikira m'nyuzi zonse. Lacson ndi anyamata ake anapezeka olakwa kukhothi mu 1954.

Pali mbali ina imene omukonda amaidutsa msanga. Pambali pa Magsaysay panali Edward Lansdale, msilikali wa America wogwira ntchito ndi bungwe la ukazitape la CIA, yemwe anali mlangizi ndi bwenzi lake. America inapereka ndalama ndi zida, ndipo inathandiza kumutchukitsa m'nyuzi. Ena amati Magsaysay anali chidole chabe. Ine sindikuona choncho, chifukwa ndalama sizingagule chikhulupiriro chimene alimi anali nacho mwa iye. Koma n'zoonanso kuti sanakwere yekha.

Mu February 1953 Magsaysay anatula pansi udindo, kenaka n'kulowa chipani cha Nacionalista kuti apikisane pa chisankho cha pulezidenti. Pokopa anthu anapita kumidzi yakutali kumene ofuna upulezidenti sankapondako, akudya ndi alimi. Mu November anagonjetsa Quirino ndi mavoti pafupifupi 69 pa 100 alionse. Pa 30 December 1953 analumbira atavala barong tagalog, malaya a makolo a dzikolo, m'malo mwa suti, ndipo anatsegula zipata za nyumba ya boma ya Malacañang kuti aliyense alowe. Anakhazikitsa komiti yolandira madandaulo a anthu. Mu May 1954 Taruc anadzipereka, ndipo mmodzi wa amene anakambirana naye anali mtolankhani wachinyamata, Benigno Aquino Jr.

Kumidzi kunafika mijigo, misewu ndi zipatala zing'onozing'ono. Pa nkhani ya malo penipenipo zinthu zinavuta. Lamulo la 1954 linateteza matenanti pa kagawidwe ka zokolola, koma lamulo logawa malo la 1955 linadutsa m'nyumba ya malamulo yodzaza ndi eni minda, ndipo linatulukamo lopanda mano. Boma likanatha kugula mokakamiza minda yopitirira mahekitala 300 ya munthu mmodzi kapena 600 ya kampani, ndipo pokhapokha matenanti ambiri atapempha. Ndi tenanti uti wangongole amene akanalimba mtima kusaina? Chinali chikomekome cha mkuyu. Njira yosavuta inali yosamutsira anthu ku Mindanao kudzera m'bungwe la NARRA, kumene kunali kale eni nthaka, Asilamu achi Moro ndi mitundu ina. Kuchuluka kwa obwera kunawonjezera mkangano wa malo umene unadzaphulika cha m'ma 1970.

Pa za kunja, Magsaysay anamamatira ku America. Mgwirizano wankhondo wa SEATO unasainidwa mu Manila mu September 1954, ndipo senetala Claro M. Recto, wa chipani chake chomwe, ankamudzudzula poyera kuti akugonjera kwambiri Washington. Mu 1956 boma lake linagwirizana ndi Japan za chipepeso cha nkhondo cha madola 550 miliyoni.

Usiku wa pa 16 March 1957 anamaliza kulankhula m'masukulu a mumzinda wa Cebu n'kukwera ndege yake ya C-47 kubwerera ku Manila. Cha m'ma 1 koloko m'bandakucha wa pa 17 March, ndegeyo inawomba phiri la Manunggal. Anthu 25 anafa. Anapulumuka mtolankhani Nestor Mata yekha. Magsaysay anali ndi zaka 49, ndipo chisankho chimene ambiri ankayembekezera kuti apambananso chinali chitatsala miyezi isanu ndi itatu. Wachiwiri wake, Carlos P. Garcia, anali ku Australia pa msonkhano wa SEATO, ndipo anabwerera kudzalumbira. Mphoto yotchedwa dzina lake, yolemekeza anthu otumikira anzawo ku Asia, inayamba kuperekedwa mu 1958. Mu March 1969, ku Tarlac, otsala a Ahuk motsogozedwa ndi Bernabe Buscayno anagwirizana ndi chipani chatsopano cha chikomyunizimu n'kupanga gulu lankhondo la New People's Army, m'minda yomwe ija ya matenanti.