Mafuta amene amatsalira m'keke ya mtedza

Thumba la makilogalamu 50 la mtedza woswa wa mtundu wa CG7 limakhala ndi mafuta pafupifupi makilogalamu 24, koma makina ang'onoang'ono ofinyira, onga a magulu a alimi kuno ku Salima, amatulutsa 17 mpaka 20 basi. Enawo amapita ndi keke, zotsalira za mtedza wofinyidwa, n'kukanenepetsa nkhuku.

Mafakitale aakulu salola zimenezi. Akafinya koyamba, keke ija amaiphwanya n'kuitsuka ndi mankhwala amadzimadzi otchedwa hexane, ofunda pa madigiri 55 mpaka 60, amene amasungunula mafuta otsalawo. Hexane amawira pa madigiri 69, choncho akatenthetsa msakanizowo iye amauluka, amamuziziritsa n'kumugwiritsanso ntchito, mafuta n'kutsala okha. M'keke simutsalanso ngakhale kilogalamu imodzi pa 100 aliwonse. Soya ndiye amadalira kwambiri njirayi chifukwa thumba lake lili ndi mafuta makilogalamu 9 kapena 10 okha, ndipo amayamba amupsinja kukhala timapale ta mamilimita 0.3 kuti hexane alowerere.

Izi si zoyesera kuseri kwa nyumba. Mpweya wa hexane ndi wolemera kuposa umene timapuma, umayenda pansipansi mpaka kukapeza mbaula imene ili patali, moto n'kubuka. Petulo kapena parafini asayandikire n'komwe mafuta odya.

Mayikulowevu nayenso amathandiza kutulutsa mafuta ambiri, koma m'njira ina. Amatenthetsa madzi amene ali m'kati mwa njere, nthunzi n'kuphulitsa timatumba tosunga mafuta, ndiye pofinya mafuta amatuluka mosavuta. Magalamu 200 amafuna mphindi ziwiri kapena zitatu, mukutakasa pakatikati, poti kutenthako sikufalikira mofanana: njere zina zimapserera m'kati kunja zikuoneka bwinobwino. Zikatero mafuta amada ndipo amawawa. Hexane payekha satentha mu mayikulowevu, n'chifukwa chake m'malabotale amagwiritsa ntchito ethanol kapena kusakaniza ziwirizi, m'zotengera zotseka zopangidwira zomwezo. Mu mayikulowevu wa kukhitchini musayikemo mankhwalawa ayi.

Kwa amene akufinya matumba, magetsi a mayikulowevu sangabweze ndalama. Kufunditsa mtedza pa chiwaya chachikulu mpaka madigiri 60 kapena 80 kumathandiza mofananako, bola moto ukhale wofatsa.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi chinyezi. Mtedza ulowe m'makina uli ndi madzi pafupifupi 6 peresenti. Ukanyowa, makina amangotulutsa phala ngati chiponde. Ukaumitsitsa, keke imalimba, makina amatsamwa ndipo chitsulo chopotera chimadyeka msanga. Kusiyako makoko pang'ono kumathandiza kuti makina agwire bwino.

Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa n'choipa kwambiri kuno kunyanja kotentha, chifukwa chuku chimamera msanga. Poizoni wake, aflatoxin, satha ndi mayikulowevu kapena chiwaya. Wambiri amatsalira m'keke, ndipo ng'ombe ikadya amatulukira mumkaka. Sankhani n'kutaya njere zonkhwinyata ndi zankhungu musanayatse makina. Mafuta mukafinya adikhe masiku awiri kapena atatu, musefe ndi nsalu yothina, n'kuwasunga m'zigubu zouma, zotseka, kopanda dzuwa.