Mkamwini wa ku Thailand: nyumba ndi yanu, dothi ndi la eni

Pa ntchito yanga yolangiza anthu za malamulo a viza ndi a katundu, alendo amene apeza banja ku Thailand amakonda kundifunsa kuti, popeza tsopano ndi a m'banjamo, angagule malo kodi. Ndimawayankha kuti ayi, ndipo ambiri nkhope imagwa. Ukwati supatsa mlendo malo ku Thailand, ngakhalenso ufulu wokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Mwamuna wochokera kunja amene watsatira mkazi wake kumudzi, makamaka ku Isan, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kumene mwambo wakale umati mwamuna azikakhala kwa mkazi, ndi mkamwini weniweni. Kusiyana kwake n'kwakuti chikamwini chimenechi chinalembedwa m'malamulo a boma.

Tiyambe ndi ukwatiwo. Mutha kupereka sin sod, chuma chimene mkwati amapereka kwa makolo a mkazi, akuluakulu n'kukumangani ulusi woyera m'mikono, mudzi wonse n'kudya, koma boma silikudziwani ngati okwatirana mpaka mutalembetsa ku ofesi ya boma ya m'deralo, yotchedwa amphoe. Kumeneko amafuna kalata yochokera ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu yotsimikizira kuti mulibe banja lina, yomasuliridwa m'Chithai. Mukalembetsa mumalandira mapepala otchedwa Kor Ror 2 ndi Kor Ror 3. Amene anakwatirana kunja amalembetsa ukwati wawo n'kulandira Kor Ror 22.

Chimene anthu amachitcha viza ya ukwati kwenikweni ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi viza ya Non-Immigrant O, ya masiku 90. Chachiwiri ndi chilolezo choonjezera nthawi ndi chaka chimodzi, chimene mumapempha kwa a imigireshoni masiku aja asanathe, polipira 1,900 baht (baht ndi ndalama ya ku Thailand). Mwamuna wachilendo ayenera kuonetsa 400,000 baht imene yakhala miyezi iwiri mu akaunti ya dzina lake ku banki ya ku Thailand, apo ayi aonetse kuti amapeza 40,000 baht pamwezi. Mkazi wachilendo wokwatiwa ndi mwamuna wa ku Thailand samuumiriza ndalama zimenezi. Amafunanso zithunzi za inu awiri muli pakhomo, nambala ya nyumba ikuoneka, ndi mapu osonyeza njira yofikira kwanu. Kenaka amakudindirani masiku 30 akuti akuganizirabe, ndipo nthawi zina amabwera kunyumba kudzafunsa anansi ngati mumakhaladi limodzi. Chaka chamawa mudzabwerezanso zonsezi, ngakhale mutakhala m'banja zaka 20.

Tinthu tating'onoting'ono ndi timene timagwetsa anthu. Masiku 90 alionse muyenera kudziwitsa a imigireshoni kumene mukukhala, ndipo mukachedwa chindapusa chake ndi 2,000 baht. Mwini nyumba, ngakhale akhale mkazi wanu yemwe, ayenera kudzaza fomu ya TM30, yodziwitsa a imigireshoni kuti akusunga mlendo, pasanathe maola 24 mutafika. Mukatuluka m'dziko musanagule chilolezo chobwerera, chimene chili pa 1,000 baht ulendo umodzi kapena 3,800 baht maulendo ambiri, chidindo cha chaka chija chafa pompo. Chidindocho sichikulolani kugwira ntchito; chilolezo cha ntchito ndi pepala lina. Ndipo popeza chinaima pa ukwati, banja likatha nachonso chimatha, pokhapokha ngati muli ndi mwana wa ku Thailand amene mungapemphere chilolezo china. Wopyola masiku amalipira 500 baht patsiku mpaka 20,000 baht, ndipo chiyambire 2016 wopyola masiku oposa 90 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo.

Koma ndalama zambiri zimalowa m'madzi pa nkhani ya malo. Lamulo la malo la 1954 limaletsa mlendo kukhala mwini nthaka. Pali kampata kakang'ono: woika 40 miliyoni baht m'chuma cha dzikolo atha kupempha nduna kuti imulole kugula rai imodzi, ndiye kuti masikweya mita 1,600, malo osafika theka la ekala. Owerengeka ndi amene anadutsapo pamenepo. Chisanafike chaka cha 1999, ngakhale mkazi wa ku Thailand wokwatiwa ndi mlendo ankakanizidwa kugula malo. Lero amagula, koma tsiku lolembetsa nonse awiri mumasaina ku ofesi ya malo kuti ndalama zogulirazo ndi za iyeyo payekha, zimene lamulo limazitcha sin suan tua, osati chuma cha m'banja chotchedwa sin somros. Anthu amasaina pepalali akumwetulira, poti lili m'Chithai ndipo mzere ndi wautali. Chimene mwasainira n'chakuti ndalama mwatuluka nazo thukuta zija si zanu.

Sindikunena kuti musakhulupirire mnzanu. Mabanja ambiri amayenda bwino. Koma imfa sipangana, ndipo iye akatsogola, amene mudzakambirana nawo ndi apongozi ndi alamu. Lamulo limakuwerengani ngati mmodzi wa olowa chuma, komabe mlendo wolandira malo a masiye kawirikawiri amauzidwa kuti awagulitse pasanathe chaka. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa wilu yolembedwa ku Thailand konko.

Njira zodzitetezera zilipo, ngakhale iliyonse ili ndi chilema chake. Nyumba ndi nthaka lamulo limazilekanitsa, kotero mlendo atha kukhala mwini nyumba yomangidwa pa malo a wina, ngati chilolezo chomangira chili m'dzina lake ndipo ufulu womanga pamalopo walembetsedwa. Palinso ufulu wogwiritsa ntchito malo ndi kudyerera zipatso zake moyo wanu wonse, umene iwo amati sitthi kep kin. Umalembedwa kuseri kwa chikalata cha malo, ndipo umakhalabe ngakhale malowo atagulitsidwa kapena mwini wake atamwalira. Chilema chake chili pa ndime 1469 ya malamulo a za anthu ndi malonda: pangano lililonse la katundu limene okwatirana apangana ali m'banja, mmodzi atha kulifafaniza nthawi ina iliyonse, kapena pasanathe chaka banja litatha. Ofesi zina za malo zimakananso kulembetsa ufuluwu pakati pa mwamuna ndi mkazi.

Lizi, kubwereka malo kwa nthawi yaitali, imalekezera zaka 30. Ogulitsa nyumba ku Phuket ndi kwina akhala akutsatsa za "30 kuonjezera 30 kuonjezera 30", koma Khoti Lalikulu linagamula kuti kulonjezana zaka zoonjezerazo pachiyambi n'kuzembetsa lamulo, ndipo sikugwira. Onaninso mtundu wa chikalata. Chanote ndiye chikalata chokwanira, malire ake oyezedwa bwino. Nor Sor 3 Gor ndi chocheperapo mphamvu. Sor Por Kor ndi minda imene boma linagawira alimi, yosagulitsidwa, ngakhale m'midzi anthu amagulitsana mwakachetechete. Osamangapo nyumba ya ndalama zambiri.

Chokhacho chimene mungalembetse m'dzina lanu popanda mantha ndi fulati ya m'nyumba zosanja. Lamulo la 1979 limalola alendo kukhala ndi 49 peresenti ya malo okhalamo m'nyumba yotere, bola ndalama zichokere kunja ndipo banki ipereke umboni wake. Za kutsegula kampani yoti igule malo, inu masheya 49 peresenti, otsalawo n'kulembetsa maina a dalaivala ndi msuweni wa mkazi amene sanaikepo kanthu, ine ndimakana kuthandiza. Ndi mlandu, ndipo mu 2025 boma linachita zipikisheni zambiri pa makampani otere ku Phuket, Koh Samui ndi Koh Phangan.

Ena amati tidikire, malamulo asintha. Mu Okutobala 2022 nduna za boma la Prayut Chan-o-cha zinavomereza zofewetsa njira ya rai imodzi ija kwa alendo olemera. Anthu analusa, mawu akuti khai chat, kugulitsa dziko, anamveka ponseponse, ndipo mwezi wotsatira ganizolo linachotsedwa. Mu 2024 nduna yaikulu Srettha Thavisin anabwera ndi ganizo la lizi ya zaka 99 ndi kukweza gawo la alendo m'mafulati kufika 75 peresenti. Mu Ogasiti chaka chomwecho khoti loona za malamulo aakulu a dziko linamuchotsa paudindo. Wolowa m'malo mwake, Paetongtarn Shinawatra, anachotsedwa ndi khoti lomwelo patatha chaka. Dziko limene asilikali analanda boma mu 2006 ndi mu 2014, limenenso limanyadira kuti silinalamulidwepo ndi atsamunda, silitengera nthaka yake mopepuka. Onaninso kuti maganizo onsewa ankanyengerera a ndalama zambiri. Palibe limene linkaganizira mwamuna wa penshoni amene akulera ana ku Udon Thani, m'chigawo cha Isan chija.

Pakamwa pokha samalani. Ndime 112 ya malamulo a milandu imalanga wonyoza mfumu zaka 3 mpaka 15 pa mlandu uliwonse, ndipo zolemba pa Facebook zimawerengedwa. Mu Epulo 2025 mphunzitsi wa ku yunivesite wochokera ku America, Paul Chambers, anazengedwa mlandu umenewu ndipo viza yake inalandidwa. Oimira boma pa milandu anausiya, koma iye anachoka m'dzikomo.

Khomo lotulukira pa chikamwinichi ndi unzika. Mkazi wachilendo ali ndi njira yake yachidule kuyambira kale. Kwa amuna, kusintha kwa lamulo mu 2008 kunachotsa zoti ayambe akhala ndi chilolezo chokhazikika. Chimene amayang'ana tsopano ndi zaka za ukwati wolembetsedwa, ntchito ya m'dzikomo yokhala ndi chilolezo, malipiro a 40,000 baht pamwezi ndi malisiti a msonkho a zaka zitatu. Wodalira penshoni yochokera kunja sakwanira pamenepa. Wokwanira amadikira zaka zingapo, ndipo dzina lake likatuluka m'gazeti ya boma n'kulandira chiphaso cha unzika, atha kupita ku ofesi ya malo kukalembetsa chanote m'dzina lake.