Likodzo: nyani akutithandiza bwanji, nanga ife tichitepo chiyani?

Kwa mlimi wa m'tsinde mwa phiri la Zomba, nyani ndi mbava ya chimanga basi. Koma pa likodzo, anyani sasekana zikundu, chifukwa nyongolotsi zomwe zimatidwalitsa ifezi zimakhazikikanso m'thupi mwa nyani.

Matendawa amadzera m'madzi momwe muli nkhono, monga m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa ndi m'minda ya mpunga ku Domasi ndi ku Likangala. Tizilombo tochoka mu nkhono timaboola khungu munthu akamasamba, kuchapa, kuwedza kapena kuwokera mpunga. Tikakula timakhala m'mitsempha ya magazi kwa zaka, n'kumaikira mazira mazanamazana tsiku lililonse. Mazirawo ndiwo amavulaza chikhodzodzo, matumbo ndi chiwindi. Mwana akamakodza magazi, si kukula ayi, akudwala.

Akatswiri ambiri amayamba kafukufuku wawo pa mbewa, koma mbewa ndi yaing'ono, sikhalitsa, ndipo likodzo la m'chikhodzodzo siliigwira monga limagwirira munthu. Nyani amadwala mofanana nafe, amatulutsa mazira m'chimbudzi kapena mu mkodzo, komanso amakhala zaka zambiri moti n'zotheka kuona zomwe zimachitika matenda akabwereza. N'chifukwa chake ku Karen, mumzinda wa Nairobi ku Kenya, kuli malo ofufuzira za anyani komwe akhala akuyeserako akatemera a likodzo. Katemera wotchedwa Sm-p80 anayesedwa kaye pa anyani asanayambe kumuyesa pa anthu. Ntchitoyi ndi yodula, ndipo ena amaitsutsa pomvera chisoni nyamazo. Mfundo yawo ndi yomveka, n'chifukwa chake malamulo ake ndi okhwima.

Pakadali pano katemera wovomerezeka kulibe. Chomwe tili nacho ndi mankhwala a praziquantel, aja alangizi a zaumoyo amagawa m'masukulu atamuimika mwana pa ndodo yoyezera msinkhu. Mwanayo ayambe wadya, kaya phala kaya mbatata, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachititsa chizungulire ndi nseru. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zikuluzikulu koma sateteza, ndiye amene wabwerera m'madzi omwe aja atenganso. Chonde musaphonye akamagawanso.

Musakodzere kapena kudzithandizira m'madzi, chimbudzi chilipo. Amayi amene mukumva kuwawa m'chinena kapena kutaya magazi mosadziwika bwino, auzeni adokotala kuti mumachapa kapena kulima kudambo, popeza likodzo la kumalo obisika limasokonezedwa kawirikawiri ndi matenda opatsirana pogonana.